NJANJI YA KU CHIPATA: ULENDO WAUFUPI UMENE UNATHA ZAKA 28



Tsiku lina m'mamawa ndinaima pa msika wa Kapata, nthawi ija anyamata a njinga amatsika ndi matumba a makala, nao amai alikuyala tomato ndi repu pa matebulo ao. Mai wina wacikulire atandizindikira anati, "Inu a pa wailesi mumadziwa zambiri. Tandiuzani, sitima ija anatisonyeza aPulezidenti inapita kuti?" Anzace anaseka, inenso ndinaseka, koma pobwerera kunyumba ndinaona kuti funso lace linali loyenera yankho lenileni. Yankholo ndi lalitali, pakuti liyambira pa masiku a agogo athu, ndipo ndikupemphani kuti mundilole ndiyambire komweko.

Akulu akumbukira kuti mzinda uno unali kuchedwa Fort Jameson. Azungu anadza kuno cifukwa ca mbiri ya golide. Mjeremani wina wamalonda, dzina lace Carl Wiese, anakhala nthawi kwa Mpezeni, nabukitsa mbiri yakuti dziko la Angoni liri ndi cuma pansi pa nthaka, ndipo kampani ya North Charterland inakhulupirira mau acewo. M'caka ca 1898 Angoni anagonjetsedwa, Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa, ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa. Posacedwa boma linamangidwa pakati pa mapiri ano, ndipo Fort Jameson anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Koma golide uja sanapezeke, kupatula pang'ono pokha ku Sasare, kufupi ndi Petauke.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Masiku amenewo njanji inali kuyenda ngati galu wa uzimba: inali kutsata fungo la miyala ya mtengo wapatali, yosasamala kumene kuli anthu ambiri kapena minda yacondo. Inanunkhiza malasha ku Wankie, inaoloka Zambezi pa ulalo wa Victoria Falls m'caka ca 1905, inafika ku Broken Hill, kumene tsopano timati Kabwe, mu 1906 cifukwa ca mtovu, ndipo mu 1909 inali pa malire a Congo, kuthamangira mkuwa wa ku Katanga. Panjirapo anamanga kasiteshoni pafupi ndi mudzi waung'ono wa mfumu Lusaaka. Kamudziko kanakula cifukwa ca njanji kufikira kanasanduka likulu la dziko mu 1935. Fort Jameson, amene anali likulu kale Lusaka asanadziwike, anataya ulemuwo mu 1911 pamene zigawo ziwiri za Rhodesia wa kumpoto zinaphatikizidwa, natsala yekha kuseri kwa Luangwa, makilomita oposa 500 kucokera ku njanji ya dziko lace.

Golide atalephera, alimi a Cizungu anayesa fodya, ndipo m'zaka za m'ma 1920 fodya wa ku Fort Jameson anachuka ndithu. Koma taganizani ulendo wace. Msewu wa ku Lusaka unali usanakonzedwe, ulalo woyamba wa pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Cotero mabelo a fodya anali kulowera ku Nyasaland, kukwera mapiri a Dedza, kukapeza njanji kummwera, kenaka Beira. Galimoto zisanacuruke, katundu wolowa ndi wotuluka anali kuyenda pa mitu ya amtengatenga, ndiwo agogo athu. Mtengo wa fodya utagwa ca m'ma 1928, mafamu ambiri anasiyidwa, ndipo anyamata a kuno anapitiriza kukhamukira ku Walale, ku migodi ya mkuwa ndi ku Joni. Dziko la Kum'mawa linakhala nkhokwe ya anchito a eni njanji, ilo lopanda njanji.

Tisafulumire kunena kuti a ku Nyasaland anali ndi mwai cifukwa iwo anali nayo. Njanji yao inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 ulalo wautali wa Dona Ana pa Zambezi unatha, caka comweco njanji inafika ku Salima. Koma nkhongole za njanji ya ku Beira zinasenzetsedwa Boma la Nyasaland, ndiko kunena kuti zinasenzetsedwa munthu wamba wokhoma msonkho wa nyumba. Wolemba mbiri Leroy Vail anasonyeza kuti ndalama zimene zikadathandiza dzikolo pa zinthu zina zinali kumezedwa ndi nkhongolezi caka ndi caka. Ndiponso njanjiyo popita kumpoto inatsata m'mbali mwa nyanja, siinakwere ku Lilongwe, kumene ikadatiyandikira ife. Sungani mau awa a nkhongole, pakuti tikumana nao kawirinso tisanatsirize.

Ufulu unadza mu 1964 ku maiko onse awiri. Caka cotsatira, pa 11 Novembala 1965, Ian Smith analanda ulamuliro ku Rhodesia, ndipo Zambia anazindikira kuti khosi lace liri m'manja mwa mdani, popeza mkuwa wotuluka ndi mafuta olowa zonse zinali kudzera kummwera. Pamenepo msewu wathu wa Great East Road unakumbukiridwa. Malole anayamba kudutsa muno usiku ndi usana kupita ku njanji ya ku Malawi, ulalo watsopano wa pa Luangwa unamangidwa mu 1968, ndipo pamene Smith anatseka malire mu Januwale 1973 malolewo anacurukanso. Koma yankho lalikuru la Dr. Kaunda linali kumpoto. Maiko a Azungu atakana kupereka ndalama, a ku China anabvomera kumanga njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ndi nkhongole yopanda ciwongoladzanja. Anayamba mu 1970, anatsiriza mu 1975. Zaka zisanu zokha! Nambala imeneyi muikumbukire pamene tifika pa njanji yathu.

Nayenso Dr. Banda sanagone. Mu 1970 analumikiza njanji ya Malawi ku doko la Nacala podzera pa Nkaya ndi Nayuchi. Atasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975, dziko la Canada linamthandiza kukweza njanji kucokera ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979, ndi kupitirira kufika ku Mchinji mu 1980. Kunena zoona, atsogoleri awiriwa sanali pa ubwenzi weniweni. Dr. Banda anali kugwirizana ndi Apwitikizi ndi Boma la Azungu la ku South Africa, ndipo mu 1968 ananena poyera kuti zigawo zina za kuno Kum'mawa ziyenera kukhala za Malawi, mau amene ku Lusaka sanawaiwale msanga. Komabe mapu sanama. Kucokera ku Chipata kufika ku Nacala ndi makilomita ngati 1,150, pamene Dar es Salaam ndi Durban ali kutali koposa. Nacala ndi doko lakuya mwacilengedwe, losafuna kukumbidwa kawirikawiri ngati Beira. Ndiponso njanji za maiko atatuwa nzofanana kutambalala kwace, mamilimita 1,067, kotero kuti bogi yopakiridwa ku Chipata ingathe kufika kunyanja yaikuru osatsitsa katundu panjira. Cotsala cinali kamtunda kosakwana makilomita 30 pakati pa Mchinji ndi Chipata, kamene mnyamata wa njinga amakatha dzuwa lisanatenthe.

Nchito inayambika mu 1982, maiko awiriwo atapangana kuti ali yense amange mbali yace. A Malawi, mothandizidwa ndi Canada, anatsiriza yao kufika pa malire mu 1984. Mbali ya Zambia inaima.

Anthu ambiri pano amati a ku Lusaka anatinyoza ife a Kum'mawa. Ine sindikana kuti cigawo cakutali cimaiwalika msanga pogawa ndalama, koma tikafuna cilungamo tiyenera kuona zinthu ziwiri zimene zinagwera dziko nthawi imodzi. Coyamba, thumba la Boma linabooka. Mafuta anakwera mtengo kuyambira 1973, mkuwa unagwa mtengo mu 1975, ndipo Zambia, amene cuma cace conse cinatsamira pa mkuwa, anayamba kukongola kuti agule zinthu za tsiku ndi tsiku. Pofika Disembala 1986 anthu anali kucita cipolowe ku migodi cifukwa ca mtengo wa ufa, ndipo mu Meyi 1987 Dr. Kaunda anasemphana ndi bungwe la IMF. Boma losowa ndalama za mankhwala m'zipatala silingagule zitsulo za njanji.

Caciwiri cinali coopsa koposa. Ku Mozambique kunali nkhondo. Asilikali a Renamo anali kuzula njanji ndi kutentha sitima, ndipo pofika 1984, caka comwe Malawi anatsiriza mbali yace, njira ya ku Nacala inatsekeka. Mu 1986 ulalo wa Dona Ana unaonongedwa. Malawi anatumiza asilikali ace kukalonda njanji ya Nacala, ena a iwo anafera komweko. Inu a ku Chadiza ndi Katete simufuna kuti ine ndikuuzeni za masiku amenewo, pakuti zigawengazo zinali kuoloka malire ndi kupha anthu m'midzi yanu, ndipo othawa nkhondo anadzaza ku Ukwimi. Tsono ndani akadabwereketsa ndalama zomangira njanji yopita ku doko lotsekeka? Munthu salambula njira ya ku citsime cophwa.

Mtendere unabwera ku Mozambique mu Okutobala 1992, koma nthawi imeneyo maganizo a maboma anali atasintha. Inali nyengo yogulitsa makampani a Boma, osati yomanga zatsopano. Njanji za Malawi zinapatsidwa kwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, za Zambia kwa Railway Systems of Zambia mu 2003. Kampani yobwereka njanji imayang'ana kumene kuli katundu lero, siimanga njira yoyembekeza katundu wa mawa. M'zaka zonsezi njanji ya Chipata inali kukumbukika pa nthawi ya masankho pokha. Ine ndiri mwana ndinali kumva atate anga akunena kuti, "Ukamva za njanji, konzekera kukabvota."

Cimene cinasintha zinthu ndi ndalama, monga mwa masiku onse. Mu 2005 Zambia anakhululukidwa mbali yaikuru ya nkhongole zace za kunja, mkuwa unakweranso mtengo cifukwa ca mafakitale a ku China, ndipo mu 2006 Boma la Levy Mwanawasa linaukitsa nchitoyo ndi ndalama za m'thumba la dziko, ngati madola a ku America mamiliyoni 10. Mwanawasa sanaione itatha, pakuti anamwalira mu Ogasiti 2008. Amene anaitsegulira ndi Rupiah Banda, mwana wa kuno, mu Ogasiti 2010, pamodzi ndi Bingu wa Mutharika wa Malawi ndi akuluakulu a ku Mozambique. Kunali ng'oma, nthungululu ndi mbendera. Zaka 28 pa kamtunda kosakwana makilomita 30: mukagawa bwino, ndi kilomita imodzi pa caka. Kamba akadafika kale nabwerako.

Tsopano tafika pa funso la mai uja. Alendo atabwerera kwao, njanji inagona duu pafupifupi zaka zinai. Cifukwa cace nciani? Apa ndifuna mumvetsetse, pakuti ambiri a ife timaganiza kuti njanji ndi zitsulo ziwiri zogona pa miyala basi. Iai. Sitima ya katundu siyenda ndi matumba khumi. Imafuna mabogi ambiri odzaza nthawi imodzi, ndipo kuti katundu wotero asonkhane pafunika malo akuru osungiramo, sikelo, makina onyamula makontena, ndi ofesi ya kasitomu pomwepo, kuti zikalata zithe katundu asananyamuke. Malo otere amawacha doko la pamtunda, ndipo pa tsiku la cikondwerero lija Chipata analibe. Tinamanga khomo, nyumba yace kunalibe.

Cinanso ndi ici, cimene ambiri sacilingalira: njanji ya Chipata sikumana ndi njanji ina iri yonse ya Zambia. Injini ndi mabogi a Zambia Railways ali ku Kabwe ndi m'mbali mwa njanji yakale, ndipo palibe njira ya zitsulo yowafikitsira kuno m'kati mwa dziko lathu. Njanji yathu ndi nthambi ya mtengo wa Malawi. Ikafuna kuyenda imadalira njira ya Mchinji, Lilongwe, Salima ndi Nkaya, imene inakalamba, yoyenda pang'onopang'ono, ndipo kangapo madzi a mvula anakokolola maulalo ace. Mwini katundu wa ku Lusaka, atapakira lole makilomita oposa 500 kufika kuno, amadzifunsa kuti, nditsitsirenji pano ndi kudikira sitima, pamene loleyo ingapitirire yokha kufika ku doko? Sitima za katundu zinayamba kuyenda mu 2014, koma mwa apo ndi apo, osati monga analonjezera.

Poyerekeza, onani cimene cinacitika kummwera kwa Malawi m'zaka zomwezo. Kampani ya ku Brazil ya Vale, pofuna kutulutsa malasha a ku Moatize, inamanga njanji yatsopano yodutsa Malawi kukalowa pa Nkaya, nikonzanso njira yonse kufika ku Nacala, ndi ndalama zoposa madola mabiliyoni 4, ndipo m'zaka zowerengeka sitima zazitali za malasha zinali kuyenda. Galu wa uzimba uja sanasinthe khalidwe. Malasha ali ndi mwini mmodzi wokhoza kusaina pepala ndi banki. Cimanga, thonje, soya ndi nshawa za Chalimbana ziri ndi eni zikwizikwi, ali yense ndi kamunda kace, ndipo palibe banki imene ingawasonkhanitse pa tebulo limodzi.

Akatswiri anaona kuti mankhwala a nthenda imeneyi ndi kulumikiza Chipata ku njanji zina za Zambia. Cotero mu Novembala 2016 Boma la Edgar Lungu linasaina pangano ndi kampani ya China Civil Engineering Construction Corporation, lomanga njanji ya makilomita 388 kucokera ku Chipata, kudzera ku Petauke, kukakumana ndi TAZARA ku Serenje, pa mtengo wa madola mabiliyoni 2.26, m'zaka zinai. Tawerengerani nokha: ndi pafupifupi madola mamiliyoni 6 pa kilomita iri yonse, kotero kuti ndalama zonse zimene zinatsiriza njanji ya Mchinji sizikadakwana makilomita awiri. Sindinena kuti mtengowo ngwabodza, pakuti njirayo iyenera kutsikira m'cigwa ca Luangwa, kuoloka mtsinjewo, ndi kukwera mapiri a Muchinga, ndipo amene anayendako adziwa kuti si masewera. Koma ndalamazo zinayenera kucokera ku nkhongole, ndipo dziko linali litakongola kale kufika m'khosi. Zaka zinai zija zinatha mu Novembala 2020, mwezi womwewo umene Zambia analephera kulipira amene anamkongoza. Njanji ya Serenje inatsala pa pepala. Mwina ena adzandidzudzula, koma ine ndiganiza kuti kucedwa kumeneku sikunali tsoka lokhalokha. Tikadaimanga ndi nkhongole yonseyo katundu wodzaza mabogi asanapezeke, tikadabvala goli lomwe lija anabvala a ku Nyasaland.

Ndisanatsirize ndikambeko za ife a m'makomboni, pakuti mai uja sanali kufunsa za makontena. Iye anali kufunsa za sitima yokwera anthu. Chipata analandira ulemu wa kukhala mzinda waukuru mu Febuluwale 2017, ndipo ali yense aona m'mene Kapata, Mchini, Nabvutika ndi Magazine zakulira, nyumba zikukwera m'mapiri mmene kale munali nkhuni ndi anyani. Anthu onsewa amayenda pansi, pa njinga, pa njinga zamoto ndi pa mataksi. Ena amafunsa kuti, bwanji osaika kasitima konyamula anthu a kunchito m'mawa ndi madzulo? Funsoli linayesedwa kale m'dziko muno. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 ku Lusaka kunali sitima yochedwa Njanji Commuter, yoyenda makilomita ngati 13 kucokera ku Chilenje, kudutsa m'tauni, kufika ku komboni ya George. Anthu anaikonda cifukwa inali yochipa kuposa basi, koma mu 1998 inaleka. Pambuyo pace zitsulo zinayamba kuzulidwa, misika ndi nyumba zinamera pa njira yace, kotero kuti amene angafune kuiutsa lero ayenera kuyamba walipira ndi kusamutsa anthu asanagule ngakhale citsulo cimodzi.

Ngati Lusaka ndi unyinji wace analephera kudyetsa sitima yotero, Chipata sangaithe lero, ndipo wandale amene adzakulonjezani zimenezi caka ca mawa mumfunse kumene adzatenga ndalama zoiyendetsera, osati zoimangira zokha. Koma pali cinthu cimodzi cimene akhonsolo ndi mafumu angacite popanda kukongola kwa munthu ali yense, ndico kusunga malo. Mzinda ukali kukula, kupatula mzere wa nthaka wopanda nyumba, m'mbali mwa njanji iripoyi ndi kulowera kumadzulo kumene ya Serenje idzadzere, sikudya ndalama zambiri. Mapuloti akagawidwa ndi maziko akakumbidwa, mzere womwewo udzagulidwa ndi misozi ndi milandu.

Kunena za mai wa pa Kapata, ndinabwererako kukamuuza zonsezi mwacidule. Anamvetsera akupanga milu ya tomato, ndipo nditatha anati mwana wace wamkazi anakwatiwa ku Lilongwe, makilomita osakwana 150 kucokera pano. Akafuna kukaona adzukulu amakwera taksi kufika pa Mwami, pamene kuyambira Disembala 2022 maofesi a maiko awiri anaphatikizidwa kuti munthu adinditse kamodzi, kenaka taksi ina kufika pa Mchinji, kenaka minibasi. Magalimoto atatu, kulipira katatu, ndi thumba la ufa pamutu posintha pali ponse. Anati panjira amaiona njanjiyo pa windo.

Sabata la mawa nthawi yonga yomwe ino tidzakamba mbiri ya ulalo wa pa Luangwa.